Kodi maselo ali m'botolomo ndi a yani?

Botolo lake ndi lapulasitiki, laphwatalala, losaposa chikhatho cha munthu wamkulu. M'kati mwake muli timadzi ta pinki tongokwanira kuphimba pansi. Limagona chammbali m'kabati yofunda madigiri 37, mofanana ndi thupi la munthu, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu wina wovala magolovesi amalitulutsa n'kuliika pa maikulosikopu. Akaona kuti maselo adzaza pansi ponse, amakhuthula timadzi takale n'kudonthezamo mankhwala otchedwa trypsin, amene amamatula maselowo papulasitiki. Akamatuka amawagawa. Ochepa amalowa m'botolo latsopano, otsalawo amatayidwa kapena amakasungidwa mu nayitrojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, momwe angathe kugona zaka makumimakumi osafa. Botolo lisanabwerere m'kabati, wofufuzayo amalemba pambali pake ndi cholembera chakuda dzina la maselowo ndi tsiku.

Ntchito yoweta maselo a khansa imayenda motere ku sukulu ya udokotala ya Wits ku Parktown mu Johannesburg, ku Leiden, ku Paris, ku Boston. Kulikonseko, chimene chimauza wofufuza kuti m'botolo muli chiyani ndi kalembo ka pambali kaja basi. Maselo a khansa alibe nkhope. A munthu uyu ndi a munthu uyo, ochokera m'diso ndi ochokera pakhungu, pa maikulosikopu amafanana moti ngakhale katswiri wakalekale sangalumbire. Kalembo kaja kakanama, zonse zimene zidzalembedwe pa botololo zanama nazo. Izi zinachitikadi pa kafukufuku wa khansa ina ya m'diso, ndipo zinatenga zaka zambiri kuti anthu azindikire.

Khansa yosapweteka

M'kati mwa diso, pakati pa chikopa choyera chakunja ndi nembanemba yolandira kuwala, muli gawo lodzaza ndi timitsempha ta magazi komanso maselo opanga utoto wakuda wotchedwa melanin. Madokotala amalitcha uvea. Kutsogolo kwake ndi kaja kozungulira mwana wa diso, kamene kamachititsa kuti wina akhale ndi maso akuda, wina abulawuni, wina abuluu. Maselo opanga utotowo akayamba kuswana mosalekeza, chotupa chake chimatchedwa uveal melanoma. Pa zotupa 10 zilizonse zamtunduwu, pafupifupi 9 zimamera kumbuyo kwa diso, kumene munthu sangaone pagalasi.

Nthawi zambiri sizipweteka. Ena amaona ngati kukung'anima, ena amaona chimthunzi mbali imodzi, ndipo ambiri amangouzidwa atapita kokayezetsa magalasi. Ku Ulaya ndi ku America matendawa amagwira anthu 5 kapena 6 pa miliyoni imodzi chaka chilichonse. Ndi ochepa ndithu, koma mwa khansa zonse zoyambira m'kati mwa diso la munthu wamkulu kumeneko, imeneyi ndiyo ili patsogolo.

Chotupa cha m'disocho madokotala amachitha. Akhoza kuchotsa diso lonse, kapena kusokera kunja kwa diso kambale kakang'ono kachitsulo kokhala ndi timibulu totulutsa cheza chowotcha chotupacho, n'kukachotsa pakapita masiku angapo. Madokotala a pa Groote Schuur ku Cape Town anali m'gulu la oyamba pa dziko lonse kugwiritsa ntchito iodine-125 m'timbale timeneti, m'zaka za m'ma 1970. Kafukufuku wamkulu wa ku America ndi Canada wotchedwa COMS, amene anatsata odwala 1,317, anasonyeza mu 2001 kuti wochotsedwa diso ndi woikidwa kambale amakhala ndi moyo nthawi yofanana. Nkhaniyi inali yabwino kwa ofuna kusunga diso lawo, koma inali ndi mbali yake yowawa. Pafupifupi theka la odwala, kaya diso lachotsedwa kaya lasiyidwa, khansayo imadzatulukira kwina, ndipo nthawi zambiri ndi m'chiwindi. Nthawi zina imatulukira patapita zaka 10 kapena kuposa, munthu ataiwala kale za chipatala. Tanthauzo lake n'lakuti maselo amakhala atalowa kale m'magazi dokotala asanagwire mpeni. Ikafika m'chiwindi, mpaka posachedwapa, odwala ambiri sankapitirira chaka.

Mu Johannesburg, malo amene matenda aakulu a maso amathera ndi chipatala cha St John ku Diepkloof, chomwe ndi mbali ya Chris Hani Baragwanath ku Soweto ndipo madokotala a maso a ku Wits amaphunzirirapo. Mu 1981 magazini ya British Journal of Ophthalmology inasindikiza zimene gulu la madokotala a mumzinda womwewu linapeza litafufuza m'mabuku a zaka 25 a dera lomwe linkatchedwa Transvaal. Odwala khansa imeneyi pafupifupi onse anali azungu, ngakhale kuti anthu akuda ndiwo anali ochuluka kutalitali m'deralo. Kafukufuku wa m'mayiko ena wakhala akugwirizana nazo: matendawa amakonda anthu a khungu loyera ndi maso owala. Komabe kusowa sikutanthauza kusakhalako. Munthu wakuda akhoza kudwala, ndipo vuto lake limakhala lakuti amene akumuyeza sakuiyembekezera.

Zimene majini anaulula

Funso limene linkasowetsa tulo madokotala linali ili: odwala awiri, zotupa zofanana kukula, chithandizo chimodzi, n'chifukwa chiyani mmodzi amakalamba bwinobwino pamene mnzake amamwalira ndi chiwindi pasanathe zaka zisanu?

Yankho loyamba linachokera ku Essen m'dziko la Germany mu 1996. Selo la munthu limakhala ndi makromozomu 46, awiriawiri, wina wochokera kwa mayi wina kwa bambo. Ofufuza a ku Essen anaona kuti zotupa zimene zinataya kromozomu 3 mmodzi ndizo zinkapha. Zimene zinali nawo onse awiri kawirikawiri sizinkafalikira. Chimene chinali pa kromozomu ameneyo chinadziwika mu 2010, pamene William Harbour ndi Anne Bowcock a ku St Louis anapeza kuti jini yotchedwa BAP1 inali yowonongeka m'zotupa 26 mwa 31 zimene zinafalikira. BAP1 ndi imodzi mwa majini oletsa selo kulowerera. Chotupa chikataya kromozomu 3 mmodzi, kenako BAP1 ya pa kromozomu wotsalayo n'kuwonongekanso, palibenso choletsa.

Koma chimene chimayambitsa chotupacho ndi china, ndipo nkhani yake inayambira pa mbewa. Ku yunivesite ya Stanford, Catherine Van Raamsdonk ankafufuza mbewa za m'labotale zimene zinkabadwa ndi khungu lakuda kuposa zinzake. Anapeza kuti zinali ndi kusintha m'majini awiri apachibale, GNAQ ndi GNA11, kumene kunkachulukitsa maselo opanga utoto. Patapita zaka zingapo, iye pamodzi ndi Boris Bastian wa ku San Francisco anakayang'ana majini omwewo m'zotupa za anthu. Mu 2009 analengeza za GNAQ, mu 2010 za GNA11. Pa zotupa za uveal melanoma 10 zilizonse, zoposa 8 zili ndi kusintha mu imodzi mwa majini awiriwa, ndipo nthawi zambiri pa malo amodzimodzi, pa nambala 209 ya puloteni yake. Puloteni imeneyi ntchito yake ndi kupereka lamulo lakuti selo likule, kenako n'kudzizimitsa yokha. Ikasintha pa malo amenewo siizimanso.

Kenako mu 2013 kunapezeka kusintha m'majini ena awiri, SF3B1 ndi EIF1AX. Chotupa chokhala ndi EIF1AX yosintha sichifalikira kawirikawiri, cha SF3B1 chimafalikira mochedwa, cha BAP1 chimafulumira. Kusintha kumeneku kumachitika m'chotupa momwemo, munthu ali moyo, ndipo sikupita kwa ana, kupatula m'mabanja ochepa amene BAP1 yowonongeka imayenda m'magazi.

Apa ndi pamene panaonekera kuti melanoma ya m'diso ndi melanoma ya pakhungu ndi matenda awiri osiyana amene angofanana dzina. Ya pakhungu la azungu imadzaza ndi zipsera za dzuwa mu DNA yake, ndipo pafupifupi theka la zotupazo zili ndi kusintha mu jini ya BRAF, komwe kunapezeka mu 2002. Ya m'diso ili ndi zosintha zochepa kwambiri, zipsera za dzuwa sizioneka m'zotupa za kumbuyo kwa diso, ndipo BRAF yake imakhala yabwinobwino. Mfundo yomalizayi ndiyo inagwiritsa mbala.

Mabotolo onama

Popeza matendawa ndi osowa, ofufuza sangadalire odwala okha. Amadalira maselo oweta aja, amene anatengedwa kamodzi m'chotupa cha munthu wina ndipo akhala akuswana m'mabotolo kuyambira pamenepo. Mayina ake ndi ouma: 92.1 ochokera ku Leiden mu 1995, OMM1 ochokera ku Rotterdam, Mel202, Mel270, OCM-1, OCM-3, MUM-2B, C918. Labotale ina imapatsa inzake, inzakeyo n'kupatsanso ina, mwaulere, mwachinansi, monga mmene akatswiri amachitira.

Mu 2008 Robert Folberg ndi anzake anayeza DNA ya maselo amene iwo eni ankagwiritsa ntchito, n'kulemba poyera zimene anapeza. MUM-2B ndi M619 anali C918 yemweyo. MUM-2C anali OCM-1. OCM-3 ndi OCM-8 anali a munthu mmodzi. Izi si nkhani yaing'ono, chifukwa panali mapepala a kafukufuku oyerekeza MUM-2B ndi MUM-2C ngati maselo awiri ochokera m'chotupa chimodzi, ena aukali ena ofatsa, kuti aone chimene chimapangitsa khansa kulusa. Kusiyana konse kumene anapezako kunali kusiyana kwa anthu awiri osadziwana.

Mu 2012 Klaus Griewank ndi gulu la Bastian anasanthula majini a maselo ambiri amtunduwu. 92.1 ndi Mel202 anali ndi GNAQ yosintha, OMM1 anali ndi GNA11 yosintha, monga mmene zinayenera kukhalira. Koma OCM-1 ndi OCM-3 analibe zimenezi. M'malo mwake anali ndi BRAF yosintha, chizindikiro cha melanoma ya pakhungu. Kuyeza kwina kwa pambuyo pake kunasonyeza kuti DNA ya OCM-3 ikufanana ndi ya SK-MEL-28, ndipo ya OCM-1 ikufanana ndi ya M14. Onse awiriwa ndi maselo a melanoma ya pakhungu. M14 yemweyu ndi wodziwikanso pa mlandu wina. Kwa zaka zambiri ankayenda m'malabotale a dziko lonse ndi dzina lakuti MDA-MB-435, ngati khansa ya m'mawere ya mayi wina, pamene anali melanoma yochokera kwa mwamuna.

Mlimi wa ku Malawi amene anagulapo chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto, chili m'thumba losindikizidwa bwino dzina la mbewu ya hayibulidi, akudziwa mmene zimapwetekera: feteleza wathira, kupalira wapalira, ndipo bodza lake limadzaonekera pokolola. Kusiyana kwake n'kwakuti m'labotale nthawi zambiri palibe amene anafuna kunamiza mnzake. Mabotolo awiri atsekulidwa nthawi imodzi, kachubu kotungira timadzi kalowa umu n'kulowanso umo, kapena kalembo kafufutika ndi spiriti wopukutira. Selo limodzi lachilendo likangolowa, ngati limaswana msanga kuposa eni botolo, pakatha milungu yochepa lalanda malo onse. Maselo a m'diso amakula mwaulesi, a pakhungu amathamanga. Ndiye botolo limene likukula bwino, limene aliyense akulikonda ndi kulipempha, ndi lomwelo liyenera kukayikiridwa.

Vutoli ndi lakale ngati ntchito yoweta maselo yomwe. Maselo oyamba a munthu kuswana mosalekeza m'botolo anali a Henrietta Lacks, mayi wakuda wa ku Baltimore amene anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero mu 1951 ali ndi zaka 31, ndipo anatengedwa iye osauzidwa. Amatchedwa HeLa. Mu 1966 Stanley Gartler anaimirira pamsonkhano wa akatswiri n'kuwauza kuti maselo pafupifupi mitundu 20 imene anayeza, yomwe eni ake ankati ndi ya ziwalo zosiyanasiyana za anthu osiyanasiyana, ambiri mwa iwo azungu, yonse inali ndi mtundu wa puloteni ya G6PD wopezeka makamaka mwa anthu a makolo a ku Africa. Onsewo anali HeLa. Anthu sanakondwe naye. South Africa nayo inalawako: mu 1988 gulu la Paul van Helden ku Tygerberg linasonyeza kuti maselo angapo a khansa ya kummero, amene ankawerengedwa ngati a odwala osiyanasiyana a m'dzikomo, anali a munthu mmodzi.

Chokwiyitsa n'chakuti kuyeza kwake si kovuta. Ndi njira yomweyo imene amayezera ngati bambo alidi bambo wa mwana, kapena imene apolisi amagwiritsa ntchito pa magazi opezeka pamalo a mlandu. Amayang'ana malo angapo pa DNA pamene timagawo tina timabwerezabwereza, n'kuwerenga kuti tabwereza kangati. Manambala amene atulukawo amawayerekeza ndi a m'kaundula wa pa intaneti monga Cellosaurus, amene amasungidwa ku Geneva. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi mankhwala amene labotale imamwaza pa mwezi. Komiti ya ICLAC, yomwe inakhazikitsidwa mu 2012, ili ndi mndandanda wa maselo oposa mitundu 500 odziwika kuti ali ndi dzina lolakwika. Magazini ambiri a sayansi tsopano amafuna umboni wa kuyezaku asanasindikize pepala. Koma mapepala akale aja sanachoke m'malaibulale, ndipo wophunzira amene akuyamba digiri yake lero akhoza kuwawerenga osadziwa kanthu.

Ngakhale maselo enieni ali ndi chinyengo chawo. Amene amalola kumera papulasitiki si amene amapha anthu kwambiri. Ambiri mwa maselo akale odalirika, kuphatikizapo 92.1 ndi Mel202, ali ndi BAP1 yogwira ntchito, kutanthauza kuti kwa zaka zambiri mankhwala ankayesedwa pa mtundu wofatsa wa matendawa pamene odwala ankafa ndi mtundu wolusa. Mpaka mu 2014 ndi pamene Institut Curie ya ku Paris inatulutsa gulu la maselo atsopano, monga MP38, MP46 ndi MM28, opanda BAP1. Mankhwala otchedwa selumetinib ankaoneka olonjeza m'mabotolo, koma atayesedwa pa odwala m'kafukufuku wamkulu wotchedwa SUMIT sanathandize. Sitinganene kuti mabotolo okha ndiwo analakwitsa, koma mtunda wa pakati pa botolo ndi bedi la wodwala unaonekera poyera.

Mnyamata wa ku Mozambique

Johannesburg si mlendo pa ntchitoyi. Mu 1976 Jennifer Alexander ndi anzake, pa labotale za Poliomyelitis Research Foundation, analengeza kuti akwanitsa kuweta maselo a khansa ya chiwindi. Anachokera kwa mwamuna wa zaka 24 wa ku Mozambique. Dzina lawo ndi PLC/PRF/5, ndipo zilembo zapakatizo ndi za bungwe lija. Maselowa ali ndi zidutswa za kachilombo ka hepatitis B zolowerera mu DNA yawo ndipo amatulutsa puloteni ya kachilomboko mosalekeza, n'chifukwa chake anafunidwa paliponse pamene anthu ankafufuza mgwirizano wa kachilomboka ndi khansa ya chiwindi. Mpaka lero amagulitsidwa m'nkhokwe zazikulu za maselo ndipo akuswana m'mabotolo ku Asia, ku Ulaya ndi ku America.

Sizinangochitika mwangozi kuti maselo oterewa achokere mumzinda uno. Madokotala a m'migodi ya golide anali ataona kalekale kuti anyamata ochokera kummwera kwa Mozambique ankadwala khansa ya chiwindi mochuluka modabwitsa, akadali aang'ono, ndipo Michael Kew wa ku Wits anathera moyo wake wonse wa ntchito pa matendawa. Zoyambitsa zake zikuluzikulu ndi ziwiri zimene ifenso tili nazo: hepatitis B wotengedwa paubwana, ndi poizoni wa chuku chomera pa chimanga ndi mtedza zosasungidwa bwino. Inali nthawi ya Wenela, imene dzina lake linatsalira pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Agogo athu ankagona m'makomponi amodzi ndi anyamata amenewo, kufikira pamene ndege inagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kumudzi, Kamuzu n'kuimitsa kaye ulendo wa ku migodi.

M'malabotale ambiri PLC/PRF/5 amangotchedwa maselo a Alexander. Dzina limene linayenda ndi la wofufuza. Mwini chiwindi amadziwika ndi zaka zake, mtundu wake ndi dziko lake basi. Kubisa dzina la wodwala ndi lamulo labwino, ndipo palibe akufuna kuti lisinthe. Koma n'koyenera kukumbukira kuti chopereka chachikulu chimenechi ku sayansi ya dziko lonse chinachokera m'thupi la mlendo wochokera kutsidya kwa malire, pa nthawi imene munthu wakuda mu Johannesburg ankayenda ndi chitupa m'thumba.

Mankhwala okwanira ena

Mu January 2022 bungwe loona za mankhwala ku America linavomereza tebentafusp, mankhwala oyamba kusonyeza kuti amatalikitsa moyo wa munthu amene uveal melanoma yafalikira. Pa odwala 378 amene anayesedwa, 73 pa 100 alionse olandira mankhwalawa anali moyo chaka chitatha, poyerekeza ndi 59 mwa olandira mankhwala ena. Amagwira ntchito pomangiriza selo la chitetezo cha m'thupi ku selo la khansa. Koma pomangirirapo pake ndi puloteni imene munthu amabadwa nayo kapena ayi, yotchedwa HLA-A*02:01. Pafupifupi theka la azungu ali nayo. Mwa anthu a ku Africa ndi ochepa kuposa pamenepo. Wopanda puloteniyi mankhwalawa samupatsa n'komwe.

Pa matenda amene amagwira azungu makamaka, wina anganene kuti palibe cholakwika, ndipo n'zoona. Koma chitsanzochi chikusonyeza mmene zinthu zimayendera pa matenda ena onse. Kuwerengera kwa mu 2016 kunapeza kuti pa anthu 100 alionse amene majini awo analowa m'kafukufuku wamkulu wofufuza magwero a matenda, 81 anali a makolo a ku Ulaya ndipo a makolo a ku Africa anali pafupifupi 3. Nkhokwe za maselo a khansa nazo zadzaza ndi a ku Ulaya, America ndi kummawa kwa Asia. Izi zili choncho pamene Africa ndiye kontinenti imene anthu ake amasiyana majini kwambiri kuposa kwina kulikonse. Ku Parktown komweko kuli Sydney Brenner Institute for Molecular Bioscience, yotchedwa dzina la mwana wa ku Germiston amene anaphunzira pa Wits n'kudzalandira mphotho ya Nobel mu 2002. Akatswiri ake, motsogozedwa ndi Michèle Ramsay, anali pakati pa gulu la H3Africa limene mu 2020 linawerenga DNA yonse ya anthu 426 a mitundu 50 ya mu Africa. Mwa anthu ochepa chonchi anapeza zosiyana zoposa 3 miliyoni zimene zinali zisanalembedwepo.

Ndipo khansa ya diso imene imadzaza mabenchi a St John, kapena a chipatala cha maso cha Lions pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ina. Imamera kunja, pa choyera cha diso, nthawi zambiri chakumbali ya mphuno pamene choyera chikumana ndi chakuda. Imayamba ngati kanyama kotuwa kapena kofiirira, kokhakhala, ndipo anthu amakayesa ng'ala kapena chotsatira cha fumbi. Madokotala amaitcha OSSN. Inali yosowa, ya nkhalamba, mpaka HIV itafika. Kuyambira pamenepo yakhala ikugwira anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40, amayi ndi abambo omwe, ndipo kafukufuku wa ku Blantyre wasonyeza kuti ambiri mwa odwalawo ali ndi kachilomboka, ena osadziwa. Dzuwa lamphamvu la kuno limathandizira. Kakadali kakang'ono, kanyamako amakachotsa ndi opaleshoni yaifupi munthu ali maso, ndipo kafukufuku wa ku Kenya wa mu 2016 anasonyeza kuti madontho a m'maso a 5-fluorouracil, mankhwala akale otsika mtengo, amachepetsa kubwereranso kwake kuchoka pa 36 kufika pa 11 pa 100 alionse. Kakachedwa kamadya diso lonse mpaka chikope.

Mwa ana muli retinoblastoma, imene chizindikiro chake ndi mwana wa diso wonyezimira moyera, makamaka pachithunzi chojambulidwa ndi fulashi ya foni, kapena diso loyamba kupenya chammbali. M'mayiko olemera ana oposa 95 pa 100 alionse amachira. Kuno ku Africa ambiri amafika diso litatupa kale kutuluka kunja. Ndipo melanoma ya munthu wakuda, ikabwera, imakonda kuphazi, pachidendene, m'chikhatho kapena pansi pa chikhadabo. Ndi imene inapha Bob Marley mu 1981, itayambira pa chala chakuphazi. Majini a melanoma imeneyi ndi osiyananso ndi a mitundu iwiri ija, ndipo maselo ake oweta ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a melanoma ya dzuwa.

Mmalawi wa ku Joni amene waona kanyama koteroko m'diso ali ndi zifukwa zambiri zozengerezera. Kujomba tsiku limodzi pa ntchito ya m'nyumba kapena ya m'galaja ndi ndalama yotayika, mapepala mwina anatha, ndipo m'zaka zaposachedwapa magulu monga Operation Dudula akhala akuima pa zipata za makiliniki ena kubweza alendo. Ndiye munthu amagula madontho pa famase, kapena amadikira December kuti akaonetse kumudzi. Chotupacho sichidikira December. Njira yake ndi kuyambira pa kiliniki yapafupi, kupempha kalata yopita kwa dokotala wa maso, ndi kuyezetsa magazi nthawi yomweyo.

Kanyama kakachotsedwa, kamaponyedwa m'kabotolo ka formalin kupita kwa oyeza matenda a National Health Laboratory Service. Formalin amasunga maonekedwe a chotupa koma amapha maselo, motero m'kabotolo kameneko simungamerenso kanthu. Kuti pakhale maselo oweta a khansa za kuno, pamafunika kuti kachidutswa kena kapatulidwe kadakali kamoyo, kafike ku labotale m'maola ochepa, kapeze kabati imene magetsi ake sazima, nayitrojeni wosatha, ndi munthu wolipidwa kuti akasamalire miyezi yambiri podziwa kuti zoyesa zambiri zimalephera. Pamafunikanso kuti DNA ya wodwalayo iyezedwe tsiku loyamba lomwelo n'kusungidwa, kuti zaka 20 zikubwerazo wina adzathe kutsimikiza kuti m'botolo mudakali munthu yemweyo. Maselo ambiri akale a melanoma ya m'diso analibe umboni woterewu, n'chifukwa chake mikangano ya ena mwa iwo sinathe mpaka pano.

Koposa zonsezi pamafunika chilolezo cha mwini thupi, ndipo kwa ife nkhani ya magazi ndi ziwalo ndi yoterera. Mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu osalakwa. Mantha amenewo sathetsedwa ndi kuseka anthu, amathetsedwa ndi kuwauza zoona mwatsatanetsatane. Wits ili ndi komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku wa anthu kuyambira mu 1966, imodzi mwa zakale kwambiri pa dziko lonse, ndipo lamulo la zaumoyo la South Africa la mu 2003 limalamula kuti munthu avomere molemba asanalowetsedwe m'kafukufuku. Ku Malawi ntchito yomweyo ili m'manja mwa makomiti monga NHSRC. Wodwala wopatsidwa fomu yoteroyo, kaya ali ndi pasipoti ya dziko liti, ali ndi ufulu wopempha kuti amumasulire m'chinenero chimene akumva, wofunsa kuti kachidutswako kakasungidwa kuti ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji, ngati kadzatumizidwe kunja kwa dziko, ndiponso ngati kampani ina idzapangepo ndalama. Akhoza kukana, ndipo opaleshoni yake ichitikabe pa tsiku lomwe anamulembera.